Thandizeni: mawu oti anchor ndiwamasulire bwanji kwa ana?

Abale ndi alongo, ndabwera ndi funso. Ndimaphunzitsa Sande sukulu ku mpingo wathu wa CCAP kuno ku Mabvuku, ndipo Lamulungu lapitali tinawerenga Ahebri 6:19, pamene chiyembekezo achifanizira ndi nangula. Ana athuwa anabadwira m'Harare muno, sanaonepo Ilala ikuponya nangula pa Nkhata Bay. Ndinawajambulira pabolodi chitsulo cha ngowe ziwiri chomangidwa ku unyolo, n'kuwauza kuti chikakola pansi pa nyanja chombo sichitengedwa ndi mphepo. Tinatsegulanso Machitidwe 27:29, pamene amalinyero anaponya anangula anayi usiku poopa kugunda miyala.

Nditatchula kuti pa Chingerezi amati anchor, manja anakwera. Mtsikana wina anati ndi munthu wowerenga nkhani pa ZBC, wailesi ya kuno ku Zimbabwe. Mnyamata wothamanga kusukulu anati ndi uja amalandira kamtengo pomaliza pa liwiro lopatsirana. Wina, bambo ake ndi amisiri omanga, anati ndi bawuti yozika mukonkire kuti denga lisasasuke. Kamwana kakang'ono kanangoti ndi yisiti ya amayi, ija ya dzina loti Anchor! Onse ananena zoona.

Ine ndikuona kuti ganizo ndi limodzi, chinthu chogwira zinzake kuti zisagwedezeke. Koma wowerenga nkhani kumutcha nangula sizikundikhalira m'kamwa. Kodi tinene kuti mwinimpando, kapena wotsogolera pulogalamu? Nanga wothamanga uja, mawu oti wotsiriza akukwana, poti nthawi zambiri amasankha waliwiro kuposa onse?

Makamaka inu a kunyanja, ku Nkhotakota ndi Mangochi, mwala umene asodzi amamangira bwato mumautchanso nangula? Ndiyankheni Lachisanu lisanafike chonde, ndikonze phunziro.