Thandizeni: ntchito yokumba msewu pansi pa mtsinje wa Thames ndi yoona?

Wosatchula dzina: Abale a m'gulu muno, ndipatseni nzeru, tulo sindikuliona. Ndimakhala ku Mufakose, mu Harare, ndi mchimwene wanga wamng'ono. Bambo ena a kutchalitchi amuuza kuti ku England kukuyamba ntchito yokumba msewu pansi pa mtsinje wa Thames, ndipo akufuna madola 1,800 lisanafike Lachisanu kuti amusungire malo. Mnyamatayu chibwerereni kuchoka ku Dedza amagona pabalaza, a landilodi akweza bilu ya madzi chifukwa cha iye, bambo akunyumba asiya kundiyankhula bwino. Alamu anga nawo, amene anabwereka poto wanga wamkulu pa maliro osabweza, akuti ndimakondera kwathu. Ndalama ndili nazo za chipereganyu, zinali za fizi ya mwana. Nditani?

Che Jumbe wa Malori: Mayi, azungu pa nkhani ya misewu musawakayikire! Ine ndayendetsa lori pakati pa Harare ndi Blantyre zaka zambirimbiri. Ukachoka pa Nyamapanda unkafika pa Tete n'kuima pamzere wa mlatho wa Samora Machel, dzuwa likuswa mtengo, madzi a m'chigubu otentha ngati tiyi. Tinapuma mu 2014 atatsegula wa Kassuende. Akanakumba pansi pa Zambezi kalekale bwenzi zonsezi kulibe!

Nabanda: Mayo ine, mwandikumbutsa bala. Mwana wa achemwali anga anapereka ndalama za ntchito yosamalira okalamba, tinagulitsa firiji. Munthu wolonjeza ntchitoyo atalandira, foni yake inangothima. Pano akugulitsa tomato ku Mbare Musika.

Phiri wa ku Highfield: Ife m'dera lathu maenje a mumsewu akuya kale, tikangowonjezera khasu limodzi titulukira pansi pa mtsinje wa Mukuvisi. Mchimweneyo abwere aphunzirire kuno ulere.

Injiniya Mbewe: Msewuwo ulipodi pa mapulani, dzina lake Lower Thames Crossing, kum'mawa kwa London, wolumikiza Kent ndi Essex. Wonse ndi wa makilomita pafupifupi 23, ndipo oposa 4 adzakhala pansi pa mtsinje. Boma la UK linavomereza mu Marichi 2025, pambuyo poti mapepala opempha chilolezo anaperekedwa mu 2020, n'kubwezedwa, n'kuperekedwanso mu 2022. Koma chemwali, sakumba ndi piki ndi fosholo. Amakumba ndi chimakina chozungulira kutsogolo, chomwe chimaboola nthaka uku chikumanga khoma la konkire m'mbuyo mwake. Ndiye mchimwene wanuyo anaphunzira ntchito yanji? Ndi wowotcherera, wa magetsi, kapena?

Che Jumbe wa Malori: Mwamva? Makilomita 4! Zambezi pa Tete sikwana ngakhale theka lake. Tikungosowa atsogoleri oganiza basi.

Injiniya Mbewe: A Jumbe, pa Thames pamadutsa sitima zikuluzikulu zopita kudoko la Tilbury, mlatho wake uyenera kukhala m'mwamba kwambiri, ndipo wa ku Dartford amautseka kukachita chimphepo. Pa Zambezi mlatho ndiye wotchipa. Wa Kazungula ndi mamita 923, anautsegula mu 2021, ukugwira bwino ntchito. Msewu wapansi umafuna mafani otulutsa utsi, mapampu a madzi ndi nyale usana ndi usiku. Magetsi akathima inu muli m'katimo ndi lori ya feteleza?

Che Jumbe wa Malori: Sola ilipo bambo! Inu ophunzira ndi amene mumatibweza m'mbuyo. Munagonapo pansi pa lori pa Zobue udzudzu ukukudyani?

Mayi Abusa: Nkhani ya alamu anu ikulowa bwanji apa? Zam'banja sitiyanika pagulu. Pitani kwa ankhoswe.

Nachisale: Asiyeni Mayi Abusa, poto wa maliro amawawa. Wanga anapita 2019.

Gama: Chemwali, musapereke kanthu musanaone Certificate of Sponsorship, umboni wochokera ku kampani ya ku UK woti ikumulembadi ntchito. Kampani yomulemba iyenera kupezeka pa mndandanda wa olemba ntchito ovomerezeka pa webusaiti ya boma la UK ya gov.uk, dzina lake mulifufuze nokha. Pamafunikanso mayeso a Chingerezi ndi kuyezetsa TB. Bambowo akutchula kampani iti? Pasipoti mnyamatayo ali nayo?

Wosatchula dzina: Zikomo nonse. Mayi Abusa, alamu angawo simukuwadziwa, ngakhale chivindikiro anachikana. Bambo aja aimbanso, akuti malo atsala awiri okha, ndipo ndi munthu wopemphera.

Nabanda: Wathu uja ankatsogolera kwaya.

Gama: Dzina la kampani, chemwali.

Che Jumbe wa Malori: A Mbewe sanandiyankhe za sola. Ndipo pa Chirundu ndiye pofunika kuyambira, njovu zizidutsa pamwamba ife pansi.