Kusunga mabokosi a cigar kwa zaka zingapo: chinyezi chikhale pati?

Nyamalikiti

Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Pali mabokosi 12 a cigar, lililonse muli 25, ena a ku Cuba ena a ku Nicaragua, ndipo cholinga n'choti akhale zaka zisanu kapena kuposerapo. Mu humidor yapatebulo, kabokosi kathabwa kosungiramo cigar pa chinyezi choyenera, sangakwanemo. Kuno ku Lilongwe mukukudziwa kale: Okutobala kumatentha kouma gwa, Januwale chilichonse m'nyumba chimachita chuku. Ndiwatulutse m'mabokosi kapena ndiwasiye momwemo? Chinyezi chikhale 70 peresenti monga ambiri amanenera? Nanga kutenthaku ndithane nako bwanji?

Kadzidzi

Musawatulutse, achimwene. Bokosi limateteza fodya kuti chinyezi chisamalowe ndi kutuluka mwadzidzidzi, komanso fungo la mtundu wina silisakanikirana ndi la unzake. Okutidwa ndi kapepala kowala kaja asiyeni choncho, nthunzi imadutsamo pang'onopang'ono. Bokosi likabwera litakutidwa ndi pulasitiki kunja, pulasitikiyo yokha chotsani.

Pa mabokosi 12 gulani cooler box ya malita 50 kapena kuposa, ya chivindikiro chotseka bwino. Itsukeni ndi sopo wopanda fungo, mupakemo soda wophikira, mutsukuluze, ikhale yotsegula pamthunzi masiku atatu. Mukainunkhiza n'kumvabe fungo la pulasitiki, bwerezani, chifukwa fodya amayamwa fungo lililonse limene wayandikana nalo.

Za 70 zija n'zoyenera cigar amene musuta mwezi uno. Wosunga zaka amafuna 65, ena amatsika mpaka 62. Pa 70 mwatsala pang'ono kufika pamene chuku chimamera, ndiye tsiku limodzi lachinyezi m'dzinja lakukankhirani kale kutsidya. Pa 65 muli ndi malo opumira. A ku Cuba amawapota mothina, akanyowa kwambiri utsi sukoka.

Njira yosavuta ndi mapaketi a Boveda olembedwa 65. Amatulutsa chinyezi kukauma, n'kuchiyamwa chikachuluka. Opanga ake amati paketi ya magalamu 60 pa cigar 25 aliwonse, koma mu cooler box yotseka bwino mapaketi awiri kapena atatu akuluakulu a magalamu 320 akwana. Musasakanize a 65 ndi a 72 m'bokosi limodzi: wina azipereka, wina azilanda, onse n'kutha msanga. Paketi ikauma n'kumamveka ngati muli timiyala, yatha.

Hygrometer, chipangizo choyezera chinyezi, musaikhulupirire musanaiyese, ngakhale yatsopano. Dzazani mchere wapatebulo m'kachivindikiro ka botolo, donthezani madzi pang'ono kuti unyowe ngati mchenga wa kudambo koma usasungunuke. Ikani pamodzi ndi hygrometer m'kathumba kotseka kwa maola 24. Iyenera kuwerenga 75. Ikawerenga 71, ndiye kuti nthawi zonse muziwonjezera 4 pa zimene ikuonetsa. Yesaninso miyezi isanu ndi umodzi iliyonse komanso mukasintha batire.

Chikumbe

A Kadzidzi anena zoona, koma kwa inu vuto lalikulu si chinyezi, ndi kutentha. Kampani ya Habanos, yogulitsa cigar a ku Cuba, imalangiza madigiri 16 mpaka 18. Mpaka 21 mukhoza kugona tulo. Kukapitirira 23 kapena 24 kwa masiku angapo, mazira a nankafumbwe wa fodya amaswa. Dzina lake la sayansi ndi Lasioderma serricorne, kachilombo komweko kamene amakafukizira mankhwala m'nyumba zosungira mabelo a fodya. Mazirawo amatha kubwera kale m'masamba kuchokera kufakitale. Chimene chimadya ndi mphutsi yake. Mudzaona timabowo tozungulira ngati pobaya singano, ndi fumbi lofiirira pansi pa bokosi. Mukaona bowo limodzi, dziwani kuti m'kati mwapita kale ntchito.

Popeza m'nyumba mwanu Okutobala mumafika 28 kapena 30, aziziritseni onse mu freezer musanawasunge kuti mazirawo afe. Chitani motere. Bokosi lonse muliike m'mathumba awiri otseka, limodzi m'kati mwa linzake, mutafinya mpweya. Maola 24 mufiriji wamba. Kenako masiku anayi kapena asanu mu freezer yofika madigiri 18 kunsi kwa ziro, chifukwa bokosi lathabwa limachedwa kuzizira mpaka pakati. Abwererenso mufiriji wamba maola 24, kenako tsiku lina m'chipinda thumba lisanatsegulidwe. Kudumpha masitepe amenewa ndi kumene kumang'amba tsamba lakunja, ndipo mukatsegula thumba lidakali lozizira madzi amachita mame pafodya penipeni. Magetsi akathima nthawi yaitali muli pakati, yambani kuwerenga masiku a mu freezer mwatsopano.

Mukatero, cooler box ikhale pansi pa simenti, m'chipinda chapakati chosawombedwa dzuwa, kutali ndi malata ndi khitchini.

Mphamba

Ena akuuzani kuti mugule kafiriji ka vinyo. Ganizani kawiri. Ka kompresa kamaumitsa mpweya nthawi iliyonse kakayaka, chinyezi chimatsika n'kukwera tsiku lonse, madzi n'kumadontha kukhoma lakumbuyo. Kopanda kompresa kaja, kamene amati thermoelectric, n'kabwinopo, koma kamangotsitsa madigiri 10 kapena cha pomwepo kuchokera pa kutentha kwa m'chipinda. Ndiye magetsi akamathimathima, m'kati mumatentha n'kuzizira, kutentha n'kuzizira, ndipo tsamba lakunja limafufuma n'kukhwinyata mpaka kusweka. Kwa ine bola madigiri 22 osasuntha kusiyana ndi 17 wa lero, mawa 27. Ngati mwagulabe kafirijiko, mabokosi muwaike kaye m'zotengera zapulasitiki zotseka, paketi ya chinyezi ili m'katimo, kafiriji kazingogwira ntchito yoziziritsa basi.

China: cooler box sipuma. Cigar ongopangidwa kumene amatulutsa fungo la amoniya, loboola mphuno, makamaka chaka choyamba. Muzitsegula mphindi zisanu pa milungu iwiri iliyonse, pakatha chaka kamodzi pamwezi. M'dzinja sankhani masana ouma, osati mvula ili mkati mogwa. Pakati pa mabokosi muzisiya mpata wa chala, ndipo miyezi itatu iliyonse apansi akwere pamwamba. Cigar othira fungo la vanila kapena khofi asalowemo n'komwe.

Mabokosi a ku Cuba ali ndi chidindo kunsi: zilembo za fakitale, mwezi m'Chisipanishi ndi chaka. ENE ndi Januwale, ABR Epulo, AGO Ogasiti, DIC Disembala. Enawo lembani nokha tsiku logula ndi pensulo.

Nyamalikiti

Zikomo kwambiri nonse. Mafunso awiri otsiriza: ndingaikemo timatabwa ta mkungudza kuti muzinunkhira ngati humidor? Komanso bokosi limodzi lili ndi tinthu toyera pa cigar atatu, ena akuti ndi chizindikiro chakuti fodya wakhwima bwino.

Kadzidzi

Mkungudza ayi. Thabwa la mu humidor amalitcha Spanish cedar, mtengo wake ndi Cedrela odorata, ndipo si mtundu umodzi ndi mkungudza wa ku Mulanje kapena paini. Amenewo ali ndi utomoni wa fungo lamphamvu, fodya yense adzamveka ngati kabati. Mabokosi anuwo ambiri ali kale ndi thabwa loyenera kapena kapepala kake kopyapyala m'kati, palibe chowonjezera.

Toyerato titengeni ngati chuku, musanyengedwe ndi dzina lokoma lakuti plume. Tulutsani bokosilo pa anzake. Ngati tili pamwamba pokha ndipo n'toyera, pukutani ndi kansalu kouma kofewa, bokosi mulipukute ndi spiriti pang'ono, liume bwino, fodyayo akhale payekha pa 62 kwa mwezi muone ngati tibwerera. Ngati chuku n'chobiriwira, kapena chalowa kumapeto kumene mumayatsira moto, cigar ameneyo tayani, chifukwa chafika m'masamba a m'kati ndipo kupukuta sikuthandiza. Yang'ananinso amene anali m'mizere yapansi, n'kumene chimakonda kuyambira.