Mitengo ya nyumba ikungokwera: tisankhe mzinda uti pa iwiriyi?

Membala wobisa dzina:
Moni nonse a pagulu. A admin, ndibisireni dzina. Ndikupempha nzeru kwa odziwa za nyumba ndi ngongole za kubanki. Ntchito yatipezekera m'mizinda iwiri ikuluikulu ndipo tikuyenera kusankha mwezi uno usanathe. Kuti ndisatchule ndalama zenizeni, tingoti mu mzinda wotchipirapo malipiro a tonse awiri pachaka ndi 100, mu wodula ndi 125. Nyumba ya zipinda zogona zitatu mu wodulawo ikugulitsidwa pa 800, mu winawo 400, koma kumeneko mitengo yathamanga kwambiri m'zaka zitatu zapitazi ndipo anthu akutiuza kuti tikachedwa sitidzagulanso. Tasunga pafupifupi 60. Chiwongoladzanja cha ngongole ya nyumba chili pa 7 peresenti. Tili ndi ana awiri aang'ono. Tiwerengere bwanji kuti tisadzanong'oneze bondo?

Wowerengera ngongole:
Mwachita bwino kuika manambala. Choyamba gawani mtengo wa nyumba ndi malipiro a pachaka. Mu mzinda wodula, 800 kugawa ndi 125 ndi 6.4. Mu winawo ndi 4. Lipoti la Demographia, lomwe limayerekeza mizinda ya m'mayiko angapo chaka ndi chaka, limati nambalayi ikakhala 3 kapena kutsika apo anthu wamba angathe kugula, koma ikapitirira 5 zinthu zafika pothina kwambiri. Hong Kong yakhala pamwamba pa mndandanda wa mizinda yothina kwambiri wa lipotilo kwa zaka zambiri.

Tsopano ngongole. Pa 7 peresenti, yobweza zaka 30, pa 100,000 iliyonse yomwe mwabwereka mumabweza 665 pamwezi, ndiye kuti pafupifupi 8 peresenti ya ngongoleyo pachaka. Tinene kuti mwapereka dipoziti ya 20 peresenti. Mu mzinda wodula mubwereka 640 ndipo muzibweza 51 pachaka, pa 125 paja mutsala ndi 74. Mu wotchipirapo mubwereka 320, muzibweza 25 ndi theka, mutsala ndi 74 ndi theka. Ndiye kuti 25 yoonjezera ija yathera yonse pa nyumba, ndipo msonkho wa pa malipiro sitinauchotse n'komwe, chonsecho wolandira 125 amadulidwa wochuluka kuposa wolandira 100.

Mabanki ambiri a ku America amayendera muyeso woti ndalama za nyumba zisapitirire 28 peresenti ya malipiro msonkho usanachotsedwe, ndipo ngongole zonse pamodzi zisapitirire 36 peresenti. Yanu ya mu mzinda wodula ili pa 41. Banki ikhoza kukukanani, ndipo ikakuvomerani musasangalale msanga, chifukwa iyo imangoona ngati mungabweze, za sukulu ya ana ndi matenda sizikuikhudza.

Wa za malamulo a malo:
Ndionjezere pa 60 mwasungayo. Siyonse idzakhale dipoziti. Pogula pali loya, woyesa mtengo wa nyumba wotumidwa ndi banki, woyendera nyumba, kulembetsa chikalata cha umwini, ndi msonkho wa boma wa posinthana umwini. Ku America zimenezi zimadya pakati pa 2 ndi 5 peresenti ya mtengo wa nyumba. Pa 400 ndi pakati pa 8 ndi 20. Mukachotsanso zosamukira ndi ndalama ya padera ya miyezi itatu yoti ikusungeni ntchito itasokonekera, dipoziti yanu yeniyeni sifika n'komwe pa 10 peresenti ya nyumba ya 400. Pa ya 800 ija musaganizeko pakadali pano.

Dipoziti ikachepera 20 peresenti, ku America ndi ku Canada amakulipiritsani inshuwalansi ya pa ngongole. Dziwani kuti inshuwalansi imeneyi imateteza banki, osati inu.

Msonkho wa nyumba wa chaka ndi chaka nawonso muufufuze mzinda ndi mzinda, poti umasiyana kutalitali ngakhale m'dziko limodzi. Ku America, m'zigawo za New Jersey ndi Illinois umafika cha m'ma 2 peresenti ya mtengo wa nyumba pachaka, pomwe ku Hawaii sufika ndi theka la peresenti. Texas ilibe msonkho wa chigawo wa pa malipiro, koma wa nyumba ndi wokwera. Anthu amasamukira malo otere ataona mbali imodzi yokha.

Wokonza mapulani a mizinda:
Mawu oti "mukachedwa simudzagulanso" ndi omwe ndikufuna tiwaunike, chifukwa ndi amene amagulitsa anthu nyumba zolakwika. Mitengo imakwera pa zifukwa ziwiri zosiyana, ndipo muyenera kudziwa kuti mu mzinda wanuwo chikuchitika n'chiti.

China ndi ndalama yotchipa ya kubanki. Mu January 2021 chiwongoladzanja cha ngongole ya zaka 30 ku America chinatsika kufika 2.65 peresenti, anthu anatha kubwereka zambiri ndi malipiro omwewo, mitengo n'kukwera. Pofika October 2023 chinali pa 7.79. Kukwera kotere kumatha kubwerera m'mbuyo. Ku Ireland mitengo inagwa pafupifupi ndi theka pakati pa 2007 ndi 2012. Ku Japan mitengo ya malo itafika pachimake cha m'ma 1991 inatsika kwa zaka zoposa khumi zotsatizana.

China ndi kusowa kwa nyumba kwenikweni: anthu akubwera ambiri, koma malamulo kapena malo sakulola kumanga. Kumeneku n'kovuta kutha. San Francisco yazunguliridwa ndi madzi mbali zitatu ndipo chilolezo chomangira chimavuta, n'chifukwa chake imakhala yodula nthawi zonse. Taonani Austin, mzinda wa ku Texas: mitengo inauluka nthawi ya Covid, koma mzindawo unamanga mafulati ambirimbiri, ndipo kuchokera mu 2022 mitengo ya nyumba ndi lendi zomwe zinatsika. Auckland, ku New Zealand, mu 2016 inasintha malamulo n'kulola nyumba zothithikana pa malo ambiri okhala anthu, ndipo kumanga kunachuluka.

Ndiye chitani izi. Pitani pa tsamba la khonsolo ya mzinda uliwonse kapena la ofesi ya chiwerengero cha anthu, mupeze zilolezo zomangira nyumba zomwe zaperekedwa pachaka kwa zaka zisanu zapitazi, muyerekeze ndi kuchuluka kwa anthu omwe aonjezereka. Onaninso masiku omwe nyumba imakhala pa msika isanagulidwe, ndi kuchuluka kwa nyumba zomwe eni ake atsitsa mtengo. Masikuwo akamachuluka mwezi ndi mwezi, msika ukuzizira ndipo simukuyenera kuthamanga. Mzinda womwe ukumanga umakupatsani nthawi yopuma.

Mlangizi wa za ntchito:
Ndikugwirizana ndi masamu a akulu a ngongole aja, koma ayerekeza kugula ndi kugula. Bwanji osayerekeza kuchita lendi mu mzinda wodula ndi kugula mu wotchipirapo? Afunsi, lendi ya nyumba zomwezo ndi zingati?

Funso lina ndi ili: ntchito yomwe mukupitirayo itatha mawa, muli mabwana angati mu mzindawo omwe angakulembeni ntchito yomweyo? Werengani malonda a ntchito a gawo lanu m'mizinda yonse iwiri kwa milungu inayi, ndipo muwerengenso a akunyumba kwanu. Mzinda wodalira ntchito ya mtundu umodzi ndi woopsa kwa mwini nyumba, chifukwa ntchito ndi mtengo wa nyumba zimagwa tsiku limodzi. Detroit, ku America, inali ndi anthu pafupifupi 1.85 miliyoni mu 1950, mafakitale a galimoto ali pachimake, koma pofika 2020 anatsala pafupifupi 640,000. Ku Aberdeen, mzinda wa ku Scotland wodalira ntchito za mafuta, mtengo wa mafuta utagwa mu 2014 nyumba zinatsika nawo limodzi. Nyumba yotchipa nthawi zina ndi yotchipa pa chifukwa.

Membala wobisa dzina:
Zikomo kwambiri nonse, mwanditsegula m'maso. Lendi mu mzinda wodula ndi 32 pachaka, mu wotchipirapo ndi 24. Ntchito za gawo langa zilipo zambiri mu wodula, mu winawo makampani ake ndi owerengeka koma si amodzi.

Wowerengera ngongole:
Manambala amenewa asintha nkhani. Gawani mtengo wa nyumba ndi lendi ya pachaka: 800 kugawa ndi 32 ndi 25, pomwe 400 kugawa ndi 24 ndi 17 pafupifupi. Muyeso womwe ambiri amagwiritsa ntchito ndi woti ikachepera 15 kugula kumapindula, ikapitirira 20 lendi ndiyo yanzeru. Ndiye mu mzinda wodula musagule, chitani lendi: pa 125 mutsala ndi 93. Mu wotchipirapo muli pakatikati, chomwe chingaweruze ndi zaka zomwe mudzakhaleko.

Chifukwa chake n'chakuti zaka zoyambirira mumalipira makamaka chiwongoladzanja. Pa 665 ya mwezi woyamba, 583 ndi chiwongoladzanja, 82 yokha ndiyo imachepetsa ngongole. Pakatha zaka zisanu mwapereka pafupifupi 39,900 pa 100,000 ija, koma ngongole yatsika ndi 5,900 yokha. Mukagulitsa pamenepo, ejenti amatengakonso gawo lake, lomwe ku America lakhala lili cha m'ma 5 mpaka 6 peresenti. Ngati simukutsimikiza kuti mukhala zaka zisanu kapena kuposa, musasaine.

Wa za malamulo a malo:
Ndichenjezeko pa njira ya lendi mu mzinda wodula, poti ili ndi msampha wake. Imagwira ntchito pokhapokha ngati ndalama yotsalayo ikusungidwadi. Mitengo itamakwera ndi 5 peresenti pachaka, nyumba ya 800 ikuonjezera 40, ndiye dipoziti ya 20 peresenti ikukula ndi 8 chaka chilichonse. Mukamasunga 10 pachaka mukungoyenda pamalo amodzi. Uzani banki kuti izichotsa ndalamayo yokha tsiku la malipiro. Funsaninso lamulo la lendi la mzindawo: mwini nyumba angakweze ndi zingati pachaka, ndipo ayenera kukuchenjezani miyezi ingati asanakutulutseni. Kwa banja la ana opita kusukulu, kusamutsidwa pakati pa chaka ndi mtengo womwe suoneka pa pepala.

Mayi wa ana atatu, wa za mayendedwe:
Palibe yemwe watchula ulendo wa kuntchito. Mtengo wa nyumba umatsika mukamatalikira pakati pa mzinda, ndipo ndalama mwapulumutsayo imatulukira pa mafuta, matayala, inshuwalansi ya galimoto ndi poimika. Ola limodzi kupita, ola limodzi kubwerera, masiku asanu pa mlungu, milungu 48, ndi maola 480 pachaka. Amenewo ndi masiku 60 a ntchito ya maola asanu ndi atatu. Ngati mzinda wotchipirapo ulibe sitima kapena mabasi odalirika ndipo mufunika galimoto ziwiri pomwe mu wodula imodzi ingakwane, ikani zimenezo pa masamu anu.

Musadalire zomwe Google Maps ikuonetsa Lamlungu masana. Ikani nthawi ya 7 koloko m'mawa Lachiwiri, ndipo ngati n'kotheka yendani nokha ulendowo. Imbiraninso malo atatu osungira ana mu mzinda uliwonse, mufunse mtengo ndi utali wa mndandanda wa odikira. Kwa ana awiri aang'ono ndalama imeneyi imatha kuyandikira ya lendi.

Woyendera nyumba:
Mukafika pogula, musalole kudumpha kuyendera nyumba ngakhale wogulitsa atanena kuti pali ena akupikisana nanu. Zodula kwambiri ndi zinayi: denga, maziko, mapaipi ndi mawaya a magetsi. Mng'alu wopingasa kapena wokwera ngati masitepe pa khoma la njerwa, zitseko zosatsekeka bwino, ndi utoto watsopano pa khoma limodzi lokha la pansi ndi zizindikiro zoti maziko akusuntha kapena madzi akulowa. Patulani 1 peresenti ya mtengo wa nyumba pachaka kuti ikhale yokonzera, ndiye kuti 4 pa nyumba ya 400, ndipo ikakhala yakale onjezerani.

Funsani mtengo wa inshuwalansi ya nyumbayo musanapereke kanthu. Ku Florida mphepo zamkuntho zakweza inshuwalansi kwambiri, ndipo ku California kampani ya inshuwalansi ya State Farm inasiya kulandira eni nyumba atsopano mu 2023, ikutchula za moto wolusa ndi kukwera kwa mtengo womangira. Banki sipereka ngongole pa nyumba yopanda inshuwalansi. Onani mapu a madera osefukira madzi. Ngati ndi fulati, pemphani mabuku a ndalama a bungwe la eni mafulati muone ngati muli thumba lokonzera denga ndi chikepe, apo ayi bilu yake idzagawidwa kwa inu mutangolowa kumene.

Membala wobisa dzina:
Ndamva. Maganizo athu akupita ku mzinda wotchipirapo. Kodi tigule pompano ndi dipoziti ya 10 peresenti, kapena tiyambe lendi?

Wowerengera ngongole:
Yambani lendi ya miyezi 12. Mudziwe madera, muone ngati ntchito yakhazikika, komanso mabanki ambiri safuna kubwereketsa munthu yemwe adakali pa miyezi yoyesedwa ntchito. Mukagula lero mubwereka 360 kapena kuposa, muzibweza pafupifupi 29 pachaka, kuphatikiza 4 yokonzera, msonkho wa nyumba, inshuwalansi ya nyumba ndi ija ya pa ngongole, pomwe lendi ndi 24. Kusiyanako kusungeni.

M'chakacho musatenge ngongole ya galimoto, chifukwa imachepetsa zomwe banki ingakubwerekeni. Mwezi wa 9 wa lendiyo pitani ku mabanki atatu, aliyense akulembereni pa pepala chiwongoladzanja ndi zolipira zonse. Funsani kuti chiwongoladzanjacho chimangidwa, ndiye kuti chikhala chosasintha, kwa zaka zingati. Ku America chimatha kumangidwa zaka 30, koma ku Britain ambiri amamanga zaka ziwiri kapena zisanu zokha, ndipo Bank of England, banki yaikulu ya dzikolo, itakweza chake kuchoka pa 0.1 peresenti mu 2021 kufika 5.25 mu August 2023, omwe nthawi yawo inatha anaona zobweza pamwezi zikudumpha. Ngati chanu n'chosinthasintha, werengerani pa 9 peresenti: pa 100,000 iliyonse ndi 805 pamwezi m'malo mwa 665. Nambala imeneyo ikakukanikani, funani nyumba ya 340 kapena 350, osati ya 400.