Ndakatulo ya mwana woba boti yatizunguza mutu, aphunzitsi thandizeni

Mayi wa ku Leeds: Abale anga pagulu pano, makamaka aphunzitsi, ndithandizeniko. Mwana wanga wamkazi ali Year 11 kuno ku UK, akulemba mayeso a kusekondale otchedwa GCSE chaka chino. Pa ndakatulo 15 za mayesowa, za m'gulu la Power and Conflict (mphamvu ndi mikangano), pali kachigawo ka ndakatulo yaitali ya The Prelude ya William Wordsworth. Mnyamata wapeza boti lomangiriridwa kumtengo madzulo, walimasula mwakabisira, akupalasa panyanja monyadira, mwezi ukuwala pamadzi. Kenako phiri lalikulu lakuda likutulukira ngati likumulondola. Wabweza boti akunjenjemera, ndipo kwa masiku ambiri mumtima mwangoti bii, ngakhale kutulo sakupeza mtendere.

Aphunzitsi amubwezera ntchito, akuti akungofotokoza nkhani, sakusanthula. Ine ndamuuza kuti alembe zoti wakuba chikumbumtima chimamugwira, basi. Iye akuti “Amayi, sizokwanira.” Nanga phiri limayenda bwanji? Ayambire pati?

Mbadwa ya ku Nkhotakota: Mayi, za ndakatulo ndisiyira eni ake, ine ndiyankhe za phiri. Pabwato lathu wopalasa amayang'ana komwe akupita. Boti la nkhafi ziwiri ngati limenelo umakhala chofulatira, maso ali kumtunda komwe wachoka. Ukadali pafupi ndi gombe, kaphiri kapafupi kamabisa phiri lalikulu la kuseri. Ukamatalikira, lalikululo limayamba kusuzumira, ndipo ukawonjezera kupalasa nalonso limakulirakulira. Mwana akuthawa, koma m'maso mwake likumusendezera.

Mphunzitsi wa sekondale, Zomba: Achimwene apamwambawa atsegula khomo lonse. Mwanayo agwire pamenepo: phiri silinasunthe, chasuntha ndi boti komanso maganizo a mnyamata. Za chikumbumtima si zabodza mayi, wolembayo amavomereza yekha kuti chisangalalo chake chinali chosakanikirana ndi nkhawa. Koma taonani, palibe amene wamugwira, mwini boti satchulidwa n'komwe, ndipo kumapeto mnyamata sakunena kuti walapa. Chamusowetsa tulo ndi kuzindikira kuti kunjaku kuli zamphamvu zomwe sizimudziwa iye, ndipo alibe dzina loti azipatse.

Agawe pawiri. Koyamba mawu ndi ofewa, boti likuyandama ngati mbalame ya m'madzi yotchedwa swan, mnyamata akudzitama kuti amatha kupalasa mowongoka. Phiri likangotulukira, mawu onena kukula akubwerezedwa kawiri mumzere umodzi, ngati munthu amene lilime lamuuma. Kumapeto akungowerenga zomwe zasowa m'mutu mwake: mitengo, nyanja, thambo, msipu wobiriwira. Mfundo iliyonse aitsatize ndi mawu ochepa a m'ndakatulo, kenako anene chomwe mawuwo akuchita kwa owerenga. Kusanthula n'kumeneko.

Membala wosatchula dzina: Koma azungu. Mwana waba boti, mpaka mayeso? Kwathu akanangomukwapula nkhani n'kutha.

Wophunzira wa ku yunivesite: Ndiwonjezereko mbiri, imapatsa malikisi. Wordsworth anabadwa 1770 ku Cockermouth ku England, mayi ake anamwalira 1778, bambo ake 1783. Nyanjayo ndi Ullswater, ku Lake District, dera la nyanja ndi mapiri ku England komweko. Chofunika kwambiri, amene akulankhula si mwanayo, ndi munthu wamkulu amene akukumbukira. Anayamba kulemba izi cha m'ma 1798 mpaka 1799 ali ku Goslar ku Germany m'nyengo yozizira, ndipo buku lonse linatuluka 1850 iye atamwalira. Alakatuli a gulu lake, otchedwa Romantic, ankakhulupirira kuti chilengedwe chimalera mwana, pena ndi kukongola pena ndi mantha. N'chifukwa chake koyambirira akuti chinamutsogolera ku botilo ndi chilengedwe chomwe, ngati mayi.

Mayi wa ku Leeds: Ndiye chilengedwe chamunyengerera kuti abe, chomwechonso n'kumuopseza? Ine pamenepo sindikugwirizana napo, akuthawa mlandu bamboyu. Koma za kupalasa chofulatira zija mwana wasangalala nazo, wajambula kale papepala. Mayeso amafuna kufananiza ndakatulo ziwiri, aphunzitsi, inzake atenge iti?

Mphunzitsi wa sekondale, Zomba: Kutsutsa kwanuko alembe ndithu, bola apereke umboni. Inzake atenge Storm on the Island ya Seamus Heaney. Kumeneko anthu akulu akonzekera mphepo ndi nyumba zolimba, pomwe kuno mwana ali yekha ndipo zamudzidzimutsa. Akalemba ndime yoyamba itumizeni pano tiione.