Makina a arcade aja adzuka

Anzanga, paja ndinafunsa za makina anga akale a masewera a arcade, aja a bokosi lalitali lathabwa. Chithunzi chinkanjenjemera n'kumafupika, ndipo masewera ankangoyambiranso okha ali pakati. Tsopano akuyenda bwinobwino.

Mavuto anali awiri. Kuyambiranso kuja kunkachokera ku magetsi. Bolodi yake ndi ya JAMMA, dongosolo la mu 1985 lolumikizira bolodi ya masewera ku makina ndi mapini 56, ndipo imafuna mavoti 5. Pa power supply (chipangizo chopereka magetsi ku bolodi) mita inkaonetsa 5 ndithu, koma pa bolodi penipeni mphamvu inali yochepa chifukwa mapiniwo anali atada. Nditawapukuta ndi isopropyl alcohol, vuto linatheratu. Choncho muziyeza pa bolodi, masewera ali mkati.

Kunjenjemera kunali kwa ma capacitor a monita (tizipangizo tosunga mphamvu ya magetsi), omwe amauma akakalamba. Ndinasintha onse, mosamala kuti + ndi - zisasemphane. Apa ndikuchondereni: chubu cha CRT (chagalasi cha monita, chonga cha TV zakale) chimagwira ntchito ndi mavoti pafupifupi 20,000, ndipo chimasungabe mphamvu ngakhale mutazimitsa makina. Ngati simudziwa kuichotsa mphamvuyo, itanani wodziwa.

Ena munati ndingoikamo LCD, sikirini yopyapyala yamakono. Zikomo, koma mtima wanga wakana. Masewerawa anawakonzera monita ya CRT ya 15 kHz (liwiro lojambulira mizere ya chithunzi), ndipo mitundu yake imakoma pagalasi lomwelo.

Chatsala ndi thabwa lam'munsi, lomwe linafufuma ndi chinyezi. Ndidula pofufumapo pokha kuti zojambula zam'mbali zisawonongeke. Amene munalumikizapo thabwa lotere, munagwiritsa ntchito guluu wanji?