Wotchi ya pamkono yosungira khanda: ndigule iti?

Wofunsa: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Mlongo wanga wachira sabata yatha, mwana wamwamuna. Monga malume wake ndikufuna kumugulira wotchi ya pamkono yoti adzalandire akadzakwanitsa zaka 18, mwinanso naye adzasiyire ana ake. Ndalama ndili nazo zosapitirira madola 300. Ndigule ya batire kapena yoyenda yokha? Nanga ndiisunge bwanji?

Wokonza mawotchi: Zikomo amalume, mwana akule. Kumbukirani kuti wotchiyi ikhala zaka zambiri m'bokosi isanafike pamkono, ndiye mdani wake ndi batire ndi chinyezi. Batire ikatha n'kusiyidwa mkati imatha kuchucha, madzi akewo amadya timawaya ndi timagiya, ndipo nthawi zambiri makina onse amatayidwa. Ya dzuwa ngati Citizen Eco-Drive ndi yabwino kuvala, koma yoipa kusunga: kabatire kake kakakhala mumdima zaka zambiri kamafooka. Casio F-91W ndi yolimba, koma lamba wake wapulasitiki amauma n'kuduka.

Tengani yamakina, ya sipuling'i. Pa ndalama zanuzo yang'anani Seiko 5 kapena Orient Bambino. Seiko 5 inayamba 1963, ndipo makina ake ndi ofala moti wokonza aliyense wodziwa ntchito anawatsegulapo. Pa Seiko, funsani mtundu wa makina ali mkati. 7S26 ndi akale, sapukusidwa ndi dzanja, amafuna kugwedezedwa kuti ayambe kuyenda. 4R36 amapukusidwa ndi dzanja, amaima mukakoka kamutu ka m'mbali mwa wotchi kuti mutchere nthawi, ndipo akadzaza amayenda pafupifupi maola 40. Sankhani 4R36. Abale ake, NH35 ndi NH36, ali m'mawotchi ambirimbiri a makampani ena, choncho akadzafa mutha kudzachotsa onse n'kuikamo atsopano pamtengo wochepa.

Mayi wogulitsa mawotchi: Ndiwonjezere za kunja kwake. Thupi likhale la chitsulo chosachita dzimbiri, chija amalemba stainless steel kumbuyo. Zopaka golide zisiyeni, utotowo umasupuka m'makona ndi thukuta. Kukula kwake pakati pa mamilimita 36 ndi 38, chifukwa simukudziwa mkono wa mwanayo udzakhala wotani, ndipo mawotchi akuluakulu a masiku ano adzaoneka achikale. Nkhope yoyera, yakuda kapena yabuluu, yopanda zokongoletsa zambiri. Lamba wachikopa amachita nkhungu nyengo ya mvula. Tengani wachitsulo, kapena chotsani wachikopayo musunge wotchi yokha. Mpata wa lamba ukakhala mamilimita 18 kapena 20, wina sadzasowa.

Wofunsa: Ndimaganiza zozokotsa dzina lake ndi tsiku lobadwa kumbuyo.

Mayi wogulitsa mawotchi: Onani kaye kumbuyoko. Ma Seiko 5 ambiri ali ndi galasi loonetsa makina, ndiye malo olemba ndi kamphepete kokha. Ngati ndi choncho zokotsani pa kachitseko ka lamba. Uzani wozokotayo asakhudze nambala ya wotchi.

Wokonza mawotchi: Nambalayo ili ndi ntchito. Pa Seiko, mwa manambala 6 a kumbuyo, yoyamba ndi nambala yomaliza ya chaka chomwe wotchi inapangidwa, yachiwiri ndi mwezi: 1 mpaka 9, kenako O, N ndi D pa October, November ndi December. Mutha kusaka ya mwezi umene mwana wabadwa, koma dikirani miyezi ingapo kuti zopangidwa mwezi umenewo zifike m'masitolo. Popeza nambala ya chaka imabwerezedwa zaka 10 zilizonse, lembani chaka chonse pa kapepala muike m'bokosi pamodzi ndi lisiti.

Wina: Inetu ndikuona kuti mukuinyoza ya batire. Kuchotsa batire basi, wotchi imakhala bwinobwino, komanso imasunga nthawi kuposa yamakina imene imataya kapena kuonjezera masekondi angapo tsiku lililonse.

Wokonza mawotchi: Zoona, pa kusunga nthawi ya batire ndi dolo. Vuto ndi lakuti kabolodi kake ka magetsi kakafa patatha zaka 30, mwina chosinthira sichidzapezeka. Giya ndi sipuling'i zimatsukidwa n'kuthiridwa mafuta.

Za kasungidwe, amalume: m'bokosi muike timapaketi ta silica gel toyamwa chinyezi tiwiri kapena titatu, muzitisintha chaka chilichonse mvula isanayambe. Bokosilo likhale kutali ndi masipika ndi foni, chifukwa maginito amagwiranitsa kasipuling'i kopyapyala ka mkati, wotchi n'kumathamanga mphindi zingapo patsiku. Kamodzi pa miyezi iwiri kapena itatu ipukuseni maulendo 20 kapena 30 kuti muone ngati ikuyenda. Musasinthe deti mivi ili pakati pa 9 koloko usiku ndi 3 koloko m'mawa, mano a giya ya deti amathyoka. Ngakhale isavalidwe, mafuta amauma ndipo timalabala totchinga madzi timalimba, choncho patulani ndalama yokaitsukitsa ndi kusintha timalabalato miyezi ingapo musanaipereke.

Mayi wogulitsa mawotchi: Chenjerani ndi ma Seiko 5 akale otchipa kwambiri a pa intaneti, aja a nkhope zowala zobiriwira ndi zofiira. Ambiri ndi olumikizalumikiza, nkhope yopentedwanso, makina otha. Gulani yatsopano kwa wogulitsa wovomerezeka, ndipo khadi la galanti lidindidwe deti.

Wofunsa: Ndamva. Nanga nditaivala ndekha masiku a ukwati ndi Khirisimasi mpaka mwanayo akule, ndalakwa?

Wokonza mawotchi: Simunalakwe, mungamaone msanga ikayamba kudwala. Kungoti yovalidwa imafuna kutsukidwa pakatha zaka 5 mpaka 7, ndipo muzivula popita kumunda kapena kosamba.