Kodi chithunzi cha Kilwa cha m'chaka cha 1572 n'chodalirika?

Moni nonse m'gulu lino. Ndikuchita kafukufuku wa mizinda yakale ya m'mphepete mwa nyanja kum'mawa kwa Africa, ndipo ndakanirira pa tsamba limodzi la buku la mapu lotchedwa Civitates Orbis Terrarum, limene Georg Braun ndi Frans Hogenberg anayamba kusindikiza ku Cologne m'chaka cha 1572. Tsambali lili ndi mizinda inayi, Aden, Mombaza, Quiloa ndi Cefala, koma umene ukundisowetsa mtendere ndi Quiloa, umene lero timautcha Kilwa Kisiwani ku Tanzania.

Ndayerekeza chithunzichi ndi zithunzi za mabwinja a pachilumbapo, makamaka a mzikiti waukulu, ndipo ndawerenganso za nkhondo ya m'chaka cha 1505 imene Francisco de Almeida, mtsogoleri wa asilikali a Apwitikizi, analanda nayo Kilwa, komabe sindikutha kuloza nyumba ngakhale imodzi n'kunena kuti ndi iyi. Kwa ine nyumbazo zikuoneka ngati za ku Ulaya, zimene sizodabwitsa kwenikweni poti ozokotawo ankangotengera zojambula za anthu ena.

Kodi alipo amene akudziwa chojambula cha Apwitikizi chimene anatengera, nanga ndi mbali iti ya chithunzichi imene ndingaikhulupirire?